Chipale chikagwa, matakisi amalowera kuti?

Lachitatu pa 28 February 2018, nthawi itakwana 3 koloko masana, chenjezo lofiira lidayamba kugwira ntchito m'chigawo chapakati cha dziko la Scotland. Ili ndi chenjezo lalikulu kuposa onse omwe nthambi yoona zanyengo ku Britain, ya Met Office, imatulutsa, ndipo tanthauzo lake ndi lakuti miyoyo ya anthu ili pachiswe. Amene ali m'nyumba akhale momwemo, amene ali kuntchito aweruke msanga.

Anthu adawerukadi, koma vuto lidali poti akafika bwanji kwawo. Sitima zapamtunda zidaima, mabasi adabwerera kumadepoti ndipo bwalo la ndege la mumzinda wa Glasgow lidatsekedwa. Pamsewu waukulu wa M80, wochoka ku Glasgow kulowera ku Stirling, galimoto pafupifupi 1 000 zidakanirira m'chipale, moti anthu ambiri adagona m'galimoto mpaka kunja kudacha.

Zitafika apa, aliyense adakumbukira takisi. Koma galimoto zomwe masiku onse zimalimbirana makasitomala patsikuli zimangooneka mwa apo ndi apo, ndipo woimba foni amauzidwa kuti adikire popanda womulonjeza nthawi.

Nkhaniyi ingaoneke ngati ya kutali, koma ikukhudza mabanja ambiri kuno kwathu. Ubale wa Malawi ndi Scotland ndi wakalekale. Mzinda wathu wa Blantyre udatenga dzina la tauni yomwe kudabadwira David Livingstone, kufupi ndi Glasgow, ndipo m'chaka cha 2005 mtsogoleri wa dziko lino panthawiyo, Bingu wa Mutharika, adasainirana pangano la mgwirizano ndi nduna yaikulu ya Scotland, Jack McConnell. Kumeneko kuli ana athu omwe akuphunzira, ena ndi anamwino, ena akusamalira nkhalamba. Namwino yemwe akuyenera kulowa ntchito 7 koloko m'mawa sanganene kuti kunja kwaipa. Odwala akumudikira, ndipo mnzake amene wachezera usiku wonse sangachoke wina asadamulandire. Basi ikaima, chiyembekezo chake chimatsala pa takisi basi.

Nanga n'chifukwa chiyani takisi imasowa tsiku lomwe ikufunika kwambiri?

Tiyambe ndi chipalecho. Ambiri a ife chipale chofewa, chomwe ena amangoti sinowo, timachiona pa kanema ndi pa makadi a Khirisimasi. Si matalala ayi. Matalala amagwa ndi phokoso n'kusungunuka posakhalitsa, pomwe chipale chimagwa mwakachetechete ngati thonje louluka ndipo chimaunjikana. Chikadali chatsopano galimoto imatha kuyendapo pang'onopang'ono. Choopsa chimabwera galimoto zikachipondaponda. Chimalimba, masana chimasungunuka pamwamba, ndipo usiku chimaundananso n'kukhala ngati galasi. Palinso madzi oundana opyapyala kwambiri omwe saoneka n'komwe. Msewu umaoneka wakuda bwinobwino ngati wangonyowa, koma phazi kapena tayala likafikapo, ngozi yachitika kale.

Buku la malamulo a pamsewu ku Britain, la Highway Code, limati pamsewu wonyowa mtunda womwe galimoto imafuna kuti iime umawirikiza kawiri, koma pachipale ndi madzi oundana ungathe kuwirikiza mpaka ka 10. Dalaivala yemwe masiku onse amaima pamamita 20 akaponda mabuleki, patsiku lotere angafune mamita 200. Mumzinda, momwe muli maloboti, anthu odumpha msewu ndi galimoto zoimikidwa mbali zonse ziwiri, mamita 200 amenewo mulibe. Chomwe angachite n'kuyenda ngati nkhono.

Apa ndi pomwe pagona yankho loyamba, ndipo n'losavuta kulimvetsa. Tiyerekeze kuti dalaivala amatenga anthu atatu pa ola limodzi, ulendo uliwonse mphindi 20. Chipale chikagwa, ulendo womwewo ukutenga ola lathunthu. Ngakhale madalaivala onse a mumzindawo atatuluka, palibe ndi mmodzi yemwe wotsala kunyumba, anthu onyamulidwa akhala gawo limodzi mwa magawo atatu a omwe amanyamulidwa masiku onse. Kwa munthu amene waima pamzere, zili chimodzimodzi ngati matakisi awiri mwa atatu alionse asowa. Onjezani pamenepo anthu onse omwe amayenera kukwera basi ndi sitima, komanso eni galimoto omwe aopa kuyendetsa okha.

Koma si onse amatuluka. Madalaivala ambiri sakhala pakati pa mzinda. Amakhala m'malokeshoni, m'timisewu ting'onoting'ono. Makhonsolo ali ndi malole omwaza mchere pamsewu kuti madzi asaundane, ndi ena okankha chipale, koma amayambira misewu ikuluikulu, yodutsa mabasi ndi yopita kuzipatala. Timisewu ta m'malokeshoni timakhala komalizira, mwina patapita masiku. Choncho dalaivala akhoza kudzuka ndi mtima wofuna kugwira ntchito, koma galimoto yake n'kukanika kutuluka pakhomo pake pomwe. N'chifukwa chakenso kasitomala amene wachita mwayi kupeza takisi nthawi zambiri amauzidwa kuti ayende wapansi akakumane nayo kumsewu waukulu.

Mcherewo nawo uli ndi malire. Umafuna matayala aupondeponde kuti usakanikirane ndi chipale, ndipo kukazizira kwambiri mphamvu yake imachepa. Chipale chikamagwa mosalekeza chimaukwirira, ndipo msewu ukadzaza ndi galimoto zokanirira, lole ya mchere nayo imaima pamzere womwewo.

Amene amaluza ndi dalaivala

Ku Scotland kuli matakisi a mitundu iwiri. Pali omwe munthu angawaimitse pamsewu kapena kuwapeza pamalo okwerera, omwe ambiri ndi aja akuda a denga lalitali. Palinso galimoto za hayala zomwe lamulo limafuna kuti munthu ayambe waitanitsa pafoni. Onse amatenga ziphaso kukhonsolo, motsatira lamulo la m'chaka cha 1982, ndipo mitengo ya matakisi a mtundu woyambawo imaikidwa ndi khonsolo. Mita yomwe ili m'galimoto imawerengera motsatira mitengo imeneyo, kaya kunja kuli dzuwa, kaya kuli chipale.

Chomwe okwera ambiri sadziwa n'chakuti dalaivala kawirikawiri si wolembedwa ntchito ndi kampani yomwe dzina lake lili pachitseko. Ndi munthu wodzilemba yekha ntchito. Galimoto ndi yake kapena wabwereka polipira pa sabata. Mafuta amagula yekha, inshulansi amalipira yekha, ndipo kukampani amaperekako ndalama kuti izimupatsa makasitomala. Kampani ilibe mphamvu yomukakamiza kutuluka, ndipo akachita ngozi siimulipira masiku omwe wakhala pansi.

Ndiye taganizani masamu omwe munthuyu amachita atasuzumira pawindo m'mawa. Inshulansi ya takisi ndi yokwera mtengo kuposa ya galimoto wamba. Akagunda, ngakhale pang'ono, pali ndalama yoyamba yomwe amatulutsa m'thumba mwake inshulansi isadalowererepo, ndipo chaka chotsatira mtengo wa inshulansiyo ukhoza kukwera. Galimoto ikakhala kugaraja sabata ziwiri, ndi sabata ziwiri zopanda ndalama pomwe lendi ya nyumba ndi ngongole ya galimotoyo sizidikira. Ngozi yakenso sichita kufuna kuti iye alakwitse. Akhoza kuima bwinobwino paloboti, wina wosazolowera n'kutsetsereka kuchokera kumbuyo.

Nanga phindu lake? Mita imawerengera nthawi galimoto ikamayenda pang'onopang'ono, inde, koma ndalama ya nthawiyo siifika pa yomwe angapeze msewu uli bwino. Ulendo wokatenga kasitomala salipidwa. Akhoza kuvutika mphindi 40 kuti akafike pakhomo pa munthu, n'kupeza munthuyo adatopa kudikira ndipo wasintha maganizo. Komanso maulendo onona amakhala atafa. Bwalo la ndege latsekedwa, sukulu zomwe ena ali ndi makontirakiti onyamula ana zatsekedwa, malo omwera ndi odyera mulibe anthu. Chipwirikiti cha ofuna takisi chimakhala cha maola ochepa pomwe anthu akuthawira kwawo, kenako mzinda umangoti zii.

Kunena zoona, munthu amene waika pasikelo ndalama ya tsiku limodzi ndi chuma chonse chomwe amadyetsera banja lake, n'kusankha kukhala pakhomo, sitinganene kuti ndi waulesi.

Galimoto zakenso sizidapangidwire nyengo yotere. Matakisi akuda otchuka aja, a mtundu wa TX4, amakoka ndi matayala akumbuyo pomwe injini, yomwe ndi yolemera, ili kutsogolo. Pokwera mtunda woterera matayala akumbuyowo amangozungulira pamodzimodzi. Ndipo Glasgow ndi Edinburgh ndi mizinda ya zitunda.

Pali matayala apadera a nyengo yozizira. Mphira wake sulimba kukazizira kufika pansi pa madigiri 7, ndipo ali ndi timizere tambirimbiri togwira chipale. Ku Sweden lamulo limawafuna kuyambira pa 1 December mpaka pa 31 March msewu ukakhala wa chipale kapena woundana, ndipo ku Germany nako dalaivala wopezeka pachipale alibe matayalawa amalipitsidwa. Ku Britain kulibe lamulo lotere. Chipale choopsa chimabwera masiku owerengeka, zaka zina osabwera n'komwe, ndiye ambiri amaona kuti kugula matayala ena anayi ndi kupeza powasunga n'kutaya ndalama. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe chipale chomwe ku Stockholm sichiimitsa moyo chimagwetsa mphwayi mzinda wa Glasgow.

Olimba mtima amayendetsa bwanji?

Amene atuluka amayamba ntchito injini isadalire. Lamulo limafuna kuti magalasi onse, nyali ndi nambala ya galimoto zioneke, choncho amayamba wapala chipale ndi madzi oundana. Cha padenga nacho chiyenera kuchoka, chifukwa akaponda mabuleki chimatsetserekera pagalasi lakutsogolo, kapena chimaulukira galimoto yakumbuyo. Batire lofooka limafera m'mawa wotere, ndipo kwa omwe ali ndi galimoto zamagetsi, kuzizira kumachepetsa mtunda womwe angayende asadatchajenso. M'buti anzeru amaikamo fosholo, bulangete, tochi ndi chakumwa chotentha.

Pamsewu, zonse zomwe dalaivala adazolowera zimatembenuka. Ponyamuka amalowetsa giya yachiwiri m'malo mwa yoyamba, n'kumasula kilatchi pang'onopang'ono kuti matayala asazungulire pachabe. Akamayenda amasankha giya yokwera koma liwiro lochepa. Potsika mtunda amabwerera kugiya yotsika kuti injini igwire galimoto, mabuleki n'kumangowakhudza. Pokwera mtunda amadikira kuti wapatsogolo amalize kaye, chifukwa ukaima pakati pa chitunda sudzanyamukanso.

Makutu nawo amagwira ntchito. Matayala akakhala pamsewu wonyowa amachita phokoso, koma akafika pamadzi oundana amangoti chete, ndipo chiongolero chimapepuka m'manja. Dalaivala wodziwa akamva bata limenelo amachotsa phazi pamoto. Galimoto ikayamba kuterereka, mtima umamuuza kuti aponde mabuleki mwamphamvu, koma kutero n'kuipitsiratu zinthu. Mbuyo ya galimoto ikamathawira kumanja, chiongolero nacho achitembenuzire kumanja, modekha, mpaka galimoto iwongoke. Kunena n'kosavuta. Kuchita, uli ndi mayi woyembekezera kumpando wakumbuyo, ndi nkhani ina.

Zonsezi zimachitika mumdima. M'mwezi wa December ku Glasgow dzuwa limatuluka nthawi ikuyandikira 9 koloko m'mawa n'kulowa isadakwane 4 koloko masana. Maola 10 a ntchito yotere amatopetsa kuposa tsiku lina lililonse, ndipo ambiri amaweruka msanga.

Mfundo yomalizayi akatswiri a zachuma adaifufuzapo, ngakhale kuti kafukufuku wawo adali wa mvula, osati chipale, ndipo adachitikira mumzinda wa New York ku America. M'chaka cha 1997, Colin Camerer, Richard Thaler ndi anzawo awiri adalemba kuti madalaivala ambiri amadziikira ndalama yoti apeze patsiku, ndipo akaikwanitsa amaweruka. Anthu adatengera pamenepo kunena kuti patsiku la mvula makasitomala amachuluka, ndalama imakwana msanga, matakisi n'kuzimiririka. Koma m'chaka cha 2015, Henry Farber wa payunivesite ya Princeton adaunika maulendo a matakisi a mumzindawo a zaka za 2009 mpaka 2013 ndipo adapeza zina. Matakisi amachepadi kukamagwa mvula, ndi pafupifupi 7 pa 100 alionse, koma ndalama yomwe dalaivala amapeza pa ola siikwera. Iye adati chomwe chimawachotsa pamsewu n'chakuti kuyendetsa pamvula n'kowawa pomwe malipiro ndi omwewo. Ngati zili choncho ndi mvula, kuli bwanji chipale?

Ena adati mankhwala ake ndi kukweza mtengo. Kampani ya Uber, yomwe anthu amaitanitsa galimoto kudzera pafoni ya m'manja ndipo idafika ku Glasgow m'chaka cha 2015, imakweza mitengo ofuna galimoto akachuluka kuposa madalaivala, ati pofuna kukopa omwe ali kunyumba kuti atuluke. Mu December 2013, chipale chitagwa ku New York, mitengo yake idawirikiza kuposa ka 7 ndipo anthu adakwiya kwambiri. Mu July 2014 kampaniyo idagwirizana ndi mkulu woona zamalamulo m'boma la New York, Eric Schneiderman, kuti iziika malire pamitengo nthawi ya ngozi zogwa mwadzidzidzi.

Ife omwe tidakwerapo kabaza mvula ikugwa tikudziwa mkangano umenewu. Wokwera amati akubedwa, wopalasa amati matope akuponda ndi iye. Onse akunena zoona. Koma mtengo wokwera uli ndi chilema chimodzi chachikulu: susankha amene ali ndi ulendo wofunika, umasankha amene ali ndi ndalama. Wosamalira nkhalamba yemwe amalandira malipiro otsikitsitsa angathe kulipira takisi ndalama yoposa yomwe akalandire tsiku limenelo. Ndipo ngakhale mtengo utakwera chotani, sungasungunule madzi oundana pachitunda.

Boma nalo lidapsapo

Chipale cha 2018 sichidali choyamba kugwetsa Scotland m'mavuto. Lolemba pa 6 December 2010, chipale chidagwa m'mawa anthu ali paulendo wopita kuntchito. Msewu wa M8, womwe umalumikiza Glasgow ndi Edinburgh, udatsekeka ndipo anthu mazanamazana adagona m'galimoto. Mwezi umenewo udali December wozizira kwambiri ku Britain pa zaka 100, ndipo kumudzi wa Altnaharra, kumpoto kwa Scotland, kuzizira kudafika madigiri 21.3 pansi pa ziro. Anthu adaloza chala boma kuti silidakonzekere, ndipo pa 11 December nduna ya zamtengatenga, Stewart Stevenson, idatula pansi udindo.

Mu 2018 akuluakulu adafulumira kuuza anthu kuti asayende. Galimoto zitakanirirabe pa M80, nduna yaikulu panthawiyo, Nicola Sturgeon, idadzudzula makampani omwe adatumiza malole pamsewu ngakhale chenjezo lidaperekedwa, chifukwa lole imodzi ikapingasa, onse akumbuyo agwidwa.

Chenjezo lotere limamuika dalaivala wa takisi pamphambano. Apolisi akuti musayende, foni ikuti bwerani mudzanditenge. Chenjezo lofiira ku Britain ndi langizo, si lamulo loletsa kuyendetsa, choncho chisankho chimatsalira iye. Ku New York adapitirira apo. Pa 23 January 2016, chipale chitachuluka, akuluakulu adaletseratu galimoto zonse zosakhala za ntchito zadzidzidzi, matakisi omwe, kuyenda mumzindawo.

Kuchokera nthawi imeneyo ntchitoyi yakumananso ndi zina. Mliri wa Covid-19 utafika mu 2020, madalaivala ambiri ku Britain adasiya matakisi n'kuyamba ntchito yoperekera katundu m'makomo, ndipo ena sadabwererenso. Ku Glasgow, lamulo loletsa galimoto zotulutsa utsi wambiri pakati pa mzinda, lomwe lidayamba kugwira ntchito pa 1 June 2023, lidatanthauza kuti eni matakisi akale a dizilo awakonzetse, agule atsopano kapena asiye ntchito.

Amene ali ndi abale kumeneko angadabwe kuti nanga patsiku lotere amafika bwanji kuntchito. Ozolowera amaonera zanyengo usiku n'kuitanitsiratu takisi, amanyamuka maola awiri nthawi isadakwane, ndipo amanyamula zovala zosinthira podziwa kuti mwina akagona kuntchito komweko. Mu 2018 anamwino ambiri adagonadi m'zipatala. Anthu wamba omwe ali ndi galimoto zokoka ndi matayala onse anayi adadzipereka kunyamula ogwira ntchito zachipatala ulere, ndipo mumzinda wa Edinburgh asilikali adalowererapo n'kumawatenga m'makomo.

Ena sadadikire aliyense. Dokotala wina wa opaleshoni, mayi, adadzuka m'mawa kudera la Anniesland ku Glasgow ali ndi wodwala khansa yemwe amamudikira kuchipatala cha m'tauni ya Paisley. Adavala zovala zokwerera mapiri, n'kuuyamba wapansi ulendo wa makilomita pafupifupi 13. Adayenda maola pafupifupi atatu, ndipo atafika adachita opaleshoniyo.